Kodi SACCO Ingamere M'nthaka ya Angónia?

Aliyense wa ku Ulongwe amene amadutsa pachipata cha Calomue kukachita malonda ku Dedza wamvapo abale athu a ku Malawi akutchula SACCO, ndilo bungwe limene anthu amasonkhamo ndalama zawo nabwerekana okhaokha pa chiwongoladzanja chimene apangana pamsonkhano. Ndipo popeza ife a kumtunda kuno timalima chimanga, nyemba, mbatatesi ndi fodya zopita kumizinda yakutali, koma Novembala akafika ambiri timakagwada kwa wakatapila kuti tipeze feteleza, nkoyenera kuti tiunike mofatsa ngati chinthu chotere chingakhazikike pakati pathu.

Mbewu yake inachokera kutali. Ku Germany, Friedrich Raiffeisen anayambitsa bungwe lotere mu 1864 pofuna kuombola alimi m'manja mwa obwereketsa opanda chifundo. Mu 1955 linafika ku Jirapa m'dziko la Ghana. Ndipo ku Malawi, kumene a Mpingo wa Katolika anafesa timagulu toyamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, timaguluto tinamanga likulu lake, MUSCCO, mu 1980, kufikira lamulo la mu 2011 linaika mabungwewa pansi pa diso la Reserve Bank of Malawi. Mwambo wa SACCO ndi wakuti membala ndiye mwini, kuti wa masheya ambiri ndi wa masheya ochepa ali ndi voti imodzi yomweyo, ndi kuti phindu lotsala pakutha pa chaka limabwerera kwa osonkha.

Okayika alipo, ndipo mawu awo sindiwapeputsa, pakuti akulankhula za mabala amene anawaona ndi maso. Ufulu utabwera kuno ku Mozambique mu 1975, makoperativa anadza mwa lamulo lochokera kumwamba, pamodzi ndi minda yaikulu ya boma ya CAIA, ndipo zonsezi zinagwa m'masiku a nkhondo imene inathamangitsira anthu athu ku Dedza ndi ku Ntcheu kufikira mtendere wa mu 1992. Kuyambira 2006 maboma analandira ndalama zija zotchedwa sete milhões, zimene ambiri anabwereka osabweza. Mu 2016 banki ya Nosso Banco inatsekedwa, ndipo thumba loteteza osunga linkabweza zosapitirira meticais 20,000 kwa munthu mmodzi. Tsono akulu akamanena kuti chipereganyu ndi banki mkhonde zikutikwanira, popeza kumeneko bokosi limatsekulidwa onse akupenya ndipo wangongole ndi mnansi amene sangathawe manyazi a pamudzi, akunena chinthu chanzeru.

Komabe ndiona kuti pa zitsanzo ziwiri zoyambazo chimene chinagwa ndi chuma chimene anthu sanachiyese chawo. Munthu sasamala nkhokwe imene sanatutiremo, pamene ndalama ya thukuta lake amaiyang'anira usana ndi usiku. Ndiponso kagulu ka pamudzi kali ndi chofooka chimene chikondi cha pachibale sichingachiritse: onse ali m'menemo ndi alimi a munda umodzi ndi mvula imodzi, onse amafuna ngongole nthawi yodzala, onse amakhala ndi ndalama nthawi yokolola, ndipo matalala kapena chilala zikagwa zimagwera onse tsiku limodzi, kotero kuti bokosi limauma pa ora lomwe likufunika koposa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu makumi awiri yodwala nthenda imodzi siilisenzanso.

Apa ndipo pagona nkhani ya umembala. Ku Malawi, ma SACCO amene anakula msanga ndi a anthu a malipiro a pamwezi, monga aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma, chifukwa chopereka chawo chimadulidwa ndalama isanafike m'manja, pamene ang'onoang'ono ambiri a kumidzi anazilala kapena kuphatikizidwa ndi anzawo. Bungwe la kuno likadzafuna kukhalitsa liyenera kusonkhanitsa mphunzitsi, namwino, wogulitsa pamsika wa Ulongwe ndi mlimi wa ku Domwe m'thumba limodzi, kuti ndalama ya wina ilowe pamene ya mnzake ikutuluka. Koma walira mvula walira matope: ophunzira akalowa, iwo ndiwo amagwira mabuku, msonkhano umasamukira kutauni, zokambirana zimachitika m'Chipwitikizi, ndipo mayi amene anali msungichuma wolemekezeka pakhonde la kwawo amasanduka mlendo wokhala kumbuyo, wosadziwa amene wabwereka ndalama zake.

Ine ndikuti bungweli limangidwe, koma liyambire pansi, magulu a banki mkhonde alowemo monga momwe alili, osawaphwasula, kuti kudziwana kwa pamudzi kukhale chikole cha osauka amene alibe china chopinyolitsa. Mabuku awerengedwe mokweza m'chinenero chathu, Banco de Moçambique iwaunike, ndipo mphatso za andale zikanidwe pakhomo. Pamwamba pa zonse, alimi akhale ndi mipando m'komiti ya ngongole, nalembetse m'malamulo kuti ngongole ya feteleza yotengedwa mu Novembala idzabwezedwa zokolola zitagulitsidwa, osati mwezi ndi mwezi monga ya wapantchito. Ngati a malipiro angakane ndime imeneyi pamsonkhano woyamba, alimi asalembetse maina awo.