Akumanga zatsopano, zakale zikugwa

Bambo Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo maganizo anga pa kagawidwe ka ndalama za kafukufuku wa nyenyezi m'dziko la America.

Pa chilumba cha Puerto Rico padali chipangizo chotchedwa Arecibo, chonga mbale yaikulu ya mamita 305 m'mimba mwake, chomwe chidayamba ntchito mu 1963. Chinkatola mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi. Mu 1974 a Russell Hulse ndi a Joseph Taylor adapeza nacho nyenyezi ziwiri zozungulirana, ndipo mu 1993 adalandira mphoto ya Nobel. Koma chondikhudza ine munthu wamba nchakuti chinkayezanso zimiyala zamlengalenga zodutsa pafupi ndi dziko lino, kuti akatswiri adziwe ngati china chingadzatigwere. Mlonda wotere ngwa tonse, ndi ife akumudzi omwe.

Mu 2006 eni ake, a bungwe la National Science Foundation, adalangizidwa kuti achepetse ndalama zoyendetsera Arecibo kuti zipite ku zipangizo zatsopano, ndipo adaterodi. Mu Ogasiti 2020 chingwe china chidazuka, chinzake nkuduka mu Novembala. Pa 1 Disembala zitsulo zolemera matani 900 zidagwera m'mbalemo. Mu 2022 adalengeza kuti sadzachimanganso.

Patangotha chaka chigwereni Arecibo, pa 25 Disembala 2021, chipangizo cha James Webb chidatumizidwa mlengalenga chitadya madola pafupifupi 10 biliyoni. Sindikuchinyoza ayi, zithunzi zake nzogometsa. Ena anena kuti ndalamazo zidachokera ku NASA, thumba lina. Nzoona, koma matumba onsewa amatapa m'nkhokwe imodzi ya boma. Komanso Webb sichingagwire ntchito ya Arecibo yotumiza mafunde ku mwala nkuwamva akamabwerera.

Abusa ndi mafumu amadziwa bwino khalidweli. Pokumba mjigo watsopano akuluakulu amabwera, pamakhala magule ndi nthungululu, koma ukangoonongeka ndalama ya labala imasowa. Kani ngakhale ophunzira kwambiri nawo amakonda kudula riboni kuposa kukonza?

Mu 2022 adayamba kumanga chipangizo china chachikulu cha SKA ku South Africa ndi Australia. Ndikupempha maiko omwe akusonkha ndalamazo atiuze poyera kuti zochisamalira chikadzakalamba zidzachokera kuti.

Wokhudzidwa,
Ntchisi.