Nsapato ya Paphiri Imadziwika Potsika

M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, ndipo chiyembekezo n'chakuti alendo okwera phirili achuluka. Ambiri mwa iwo amakonzekera chakudya, zofunda ndi kamera, koma za nsapato amazikumbukira atafika kale pa Likhubula, pamene njira yayamba kukwera.

Vuto lalikulu silioneka pokwera. Limadza potsika, pamene phazi limakankhikira kutsogolo ndipo zala zimagunda kumapeto kwa nsapato pa sitepe iliyonse. Nsapato yothina imadetsa zikhadabo mpaka kuzizula, pomwe yokhwepa imakhula chidendene n'kutulutsa matuza. N'chifukwa chake wogula ayenera kuyesa nsapato madzulo, mapazi atatupako ndi kuyenda kwa tsiku, atavala masokosi omwe adzakwere nawo. Patsogolo pa zala pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja, koma chidendene chisamavuuke akamanga zingwe. Nsapato yatsopano iyambe yayenda masabata angapo m'misewu ya kumudzi isanaone phiri.

Chachiwiri ndi soli. Njira yopita ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, imadutsa pa matanthwe otsetsereka omwe amaterera kwambiri chiperoni chikagwa. Pamalo otere raba yofewa, ya mano akuya, imagwira mwala kuposa soli yolimba ya pulasitiki, ngakhale nsapatoyo ikhale ya dzina lotchuka motani.

Kunena zoona, anthu ambiri m'chigawo chino jombo zawo amagula pa kaunjika, ndipo palibe cholakwika. Msampha wake ndi wakuti jombo zambiri zochokera kunja zili ndi thovu la polyurethane pakati pa soli ndi phazi, lomwe limafumbutuka ndi chinyezi pakapita zaka, makamaka nsapato ikangokhala osavalidwa. Pamwamba chikopa chimaoneka chatsopano, koma soli imatha kumatuka yonse munthu ali pakati pa ulendo, kutali ndi wosoka nsapato aliyense. Wogula apinde nsapatoyo ndi manja, akanikize m'mbali mwa chidendene ndi chikhadabo. Ikaonetsa ming'alu kapena kuyoyoka ngati mkate wouma, aisiye pomwepo.

Pali mapazi enanso amene sakambidwa kawirikawiri. Si zachilendo kuona mlendo wovala jombo zodula akutsogozedwa ndi mnyamata wosenza katundu wake atavala patapata. Ena amati anazolowera, koma kuzolowera sikuteteza kakolo kubinya, ndipo wonyamula katundu akavulala banja lake limasowa chakudya kwa masabata. Ku Tanzania, bungwe la Kilimanjaro Porters Assistance Project limabwereketsa kwaulere zovala zapaphiri kwa onyamula katundu. Makampani otengera alendo ku Mulanje angathe kuyamba ndi zochepa: kabati ya nsapato za masaizi osiyanasiyana pa Likhubula, ndi kaundula wolembamo wobwereka.