Pepala Limene Linadya Ufumu wa a Khumalo

Ana anga a ku Makokoba ndi Mpopoma kuno ku Bulawayo, inu amene agogo anu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'migodi, tsiku ndi tsiku mumakwera makombi a ku Mzilikazi, Nkulumane, Lobengula ndi Njube. Awa ndi maina a banja limodzi, bambo, ana ndi mdzukulu, a mtundu wa Khumalo amene analamulira dziko lino.

Mzilikazi, mwana wa Mashobane, anakana kupereka ng'ombe kwa mfumu Shaka cha m'ma 1822, nathawa ndi anthu ake. Chipwirikiti chomwecho ndicho chinatulutsa Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835 ndi makolo a Angoni a kwathu. Mabunu atamupitikitsa mu 1837, Mzilikazi anawoloka Limpopo n'kukhazikika kuno. Dziko analiyala m'midzi ya asilikali, uliwonse pansi pa nduna yake, ndipo ng'ombe za mfumu zinkasungidwa m'midzimo. Msilikali wa kuno ankadya za mfumu, ndipo sankakwatira mfumu isanalole. Sindikukometsa zonse ayi. Anthu anawasanja m'magulu atatu, Zansi, Enhla ndi Hole, ndipo Amashona ambiri analira ndi nthungo za asilikali ake.

Mzilikazi anamwalira mu 1868, Lobengula nalowa ufumu mu 1870. Pa 30 Okutobala 1888 iye anaika chizindikiro chake papepala limene anabweretsa Charles Rudd, nthumwi ya Cecil Rhodes. Apa mutchere khutu. Anamulonjeza mapaundi 100 pamwezi, mfuti 1,000, zipolopolo 100,000 ndi sitima yankhondo pa Zambezi. Pakamwa anamuuza kuti azungu odzakumba golide sadzapitirira khumi ndipo adzamvera malamulo ake. Mawu amenewo papepalapo panalibe. Panalembedwa zoti miyala yonse yamtengo wapatali m'dziko lake yaperekedwa, pamodzi ndi mphamvu zochita chilichonse chofunika kuti aipeze. Mfumu sinkadziwa kuwerenga, ndipo womasulira, m'busa Charles Helm, anali wa mbali ya alendowo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Atazindikira, Lobengula anatumiza nduna ziwiri, Babayane ndi Mshete, kwa Mfumukazi Victoria mu 1889. Anapha nduna Lotshe imene inamulimbikitsa kuvomera. Koma madzi akatayika saoleka. Mu 1893, nkhondo itabuka ndi anthu a Rhodes, asilikali ake a magulu a Imbizo ndi Ingubo anathamangira mfuti za Maxim ku Bembesi, nagwa mazanamazana. Mfumu inatentha mudzi wake wa Bulawayo n'kulowera kumpoto, osaonekanso. Ng'ombe zinalandidwa, anthu anawalozera kumchenga wa Gwayi ndi Shangani, ndipo pamalo a bwalo lake lero pali State House.

Amuna amenewo sanali amantha, n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa. Ndipo ifenso mapepala anatiluma. Mu 2001 lamulo la unzika litasintha, ana ambiri a Amalawi obadwira kuno anadzuka ali alendo, zitupa zawo zitalembedwa kuti Alien, osaloledwa kuponya voti. Ambiri sanamve n'komwe zoti panali miyezi yowerengeka yokonzera zinthu. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma alipo azakhali ndi amalume amene akusungabe chitupa chakale m'sutikesi pansi pa bedi, chokulungidwa m'pulasitiki.

Safunsa anadya phula. Munthu akabwera ndi pepala la ngongole, la kugula nyumba ya malemu bambo, kapena la ntchito ya ku Joni, musasaine tsiku lomwelo. Litengeni kunyumba, ligone. Akuwerengereni munthu wanu, osati amene wabwera ndi wogulayo. Chimene wakulonjezani pakamwa, muuzeni achilembe, ndipo akakana mwadziwa kale kuti ndi munthu wotani. Nyumba zambiri za m'malokesheni zidakali m'dzina la agogo amene anatisiya kalekale. Itanani abale onse, mupite limodzi ku maofesi a khonsolo mukafunse mmene dzinalo amasinthira, agogo aakazi amene amadziwa mbiri ya nyumbayo adakali moyo.