ZA M'BANJA MWATHU: Galimoto Igulidwe Monga Ng'ombe

Ife a ku Chigwa cha Shire sitichita kuphunzitsidwa kugula ng'ombe. Pa msika wa ku Ngabu munthu amaizungulira, naiyang'ana mano ndi ziboda, naiyendetsa. Ndipo mtengo ukakana kutsika amatembenuka nachoka. Koma chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, pokwera chitunda cha Thabwa kunka kwa ogulitsa galimoto ku Blantyre kapena ku Limbe, nzeru zonsezi amazisiya pa mlatho wa Kamuzu. Akangoona utoto wonyezimira, amapereka tsiku lomwelo ndalama za thonje zimene banja lasunga zaka zambiri.

Kunenerera kumayambira kunyumba. Bambo ndi mayi akhale pansi, apatule fizi ya ana ndi ndalama za chimanga, napangane malire amene sadzalumphidwa. M'malirewo awerengeremo inshuwalansi, kusintha umwini ku Road Traffic, ndi matayala. Akumbukenso kuti zitsulo zokonzera galimoto zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera koopsa pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Tikafika, tiyendere ogulitsa atatu kapena anayi tisanatchule ndalama zathu. Wogulitsa ndiye ayambe kunena mtengo. Tisaonetse kuti mtima wagwa kale, pakuti wogula wokondwa satsitsiridwa. Galimoto zambiri n'zakale zochokera ku Japan, zodzera ku Dar es Salaam ndi ku Songwe. Chotero tipemphe mapepala a msonkho a MRA, ndipo nambala za injini ndi chesisi zifanane ndi zolembedwa mu blue book.

Titenge makaniko wathuwathu, wosakhala mnzake wa wogulitsa. Avundukule makapeti nayang'ane matope ouma ndi dzimbiri, popeza ife amene tinaona namondwe Freddy mu March 2023 tidziwa chimene madzi amachita. Ayese galimotoyo pa chitunda, chifukwa injini yotentha msanga siingapirire dzuwa la ku Nsanje mu October, ndipo mabuleki ofooka pa Thabwa ndi maliro. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chilema chili chonse chimene chapezeka tichiwerengere mtengo wokonzera, ndipo ndalamazo zichotsedwe. Umo ndimo mtengo umatsikira mwachilungamo, popanda kunyoza katundu wa mnzathu kapena kumunamiza. Tikagwirizana, zonse zilembedwe pamaso pa mboni, ndipo tisapereke ngakhale tambala popanda lisiti.

Inu anyamata amene mukufuna Sienta yonyamulira anthu pakati pa Nchalo ndi Bangula, mawu awa ndi anunso. Wogulitsa akati, "Pali wina akubwera masana ano," mumuthokoze mwaulemu, nimunyamuke. Kubwerera kwathu pa minibasi ndalama zili m'thumba si manyazi. Manyazi ndiwo galimoto yogonekedwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, khola lili pululu.