Tisamangolalikira za Fodya, Likodzo Likutha Ana

Ife ochokera ku Kasungu timaudziwa mwezi wa Okutobala. Dzuwa limaswa mtengo, nazale za fodya zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ana akangoweruka kusukulu amanyamula makheni kulowera kudamu la esiteti kapena kuzithaphwi zotsalira m'mitsinje ya Bua, Rusa ndi Dwangwa. Akatha kuthirira amavula n'kudzigwetsa m'madzimo. Ndani angawaletse kutentha kotere?

M'madzi odekha ngati amenewa ndimo mumakhala nkhono zing'onozing'ono zosunga tizilombo ta likodzo. Mwana wodwala akakodzera m'madzi, mazira otuluka ndi mkodzo amaswa, tizilombo n'kulowa m'nkhono. Pakapita milungu ingapo timatuluka tambirimbiri n'kuboola khungu la aliyense amene waviika mwendo. Sipafunika kumwa madziwo, kungoimamo basi. M'thupi timakula kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amachititsa mabala. Ndiye mwana amayamba kuona madontho a magazi pomaliza kukodza.

Ambiri a ife tinakula tikuona zimenezi ngati zachizolowezi. Anyamata ankasekana kuseri kwa kalasi, osauza munthu wamkulu. Koma mwana wotaya magazi pang'onopang'ono kwa zaka amafooka, amawodzera m'kalasi, sakula bwino. Likakhalitsa, likodzo limawononga impso ndipo limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa atsikana limabweretsa zilonda kunjira ya chiberekero, zomwe ena amaziyesa matenda opatsirana pogonana. Taganizirani mtsikana wa Sitandade 6 akunenedwa zachiwerewere, mlandu wake uli kuchapa mayunifomu padambo.

Apa ndi pamene tiyenera kudzifunsa monga Adventisti. Uthenga wa zaumoyo timaunyadira, ndipo kuyambira pamene mishoni ya Malamulo inakhala m'manja mwa mpingo wathu mu 1902, tadziwika ndi sukulu ndi zipatala. Za kuipa kwa kusuta, mowa ndi nyama ya nkhumba timazinena Sabata ndi Sabata. Nanga ndi liti tinamvapo mkulu wa mpingo akutchula mkodzo wa magazi? Mwina mawuwo amatichititsa manyazi pa guwa. Komabe ana odwalawo akukhala pamabenchi akutsogolo.

Mankhwala alipo. Unduna wa Zaumoyo umagawa mapiritsi a praziquantel kwaulere m'sukulu za pulayimale, ndipo alangizi a zaumoyo amayeza msinkhu wa mwana kuti adziwe mapiritsi omupatsa. Vuto ndi lakuti tsiku logawa ena amajomba poopa chizungulire kapena mphekesera, pomwe ana a matenanti ambiri amakhala ali kumunda. Chizungulirecho chimachepa mwana akamwa atadya, choncho amayi a Dorika atakonza phala tsiku limenelo angathandize koposa ulaliki wautali. Mapiritsiwa amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi, koma sateteza mwana wobwerera kudamu mawa lake. N'chifukwa chake nkhani ya zimbudzi pafupi ndi nazale, ndiponso yoleka kukodzera m'madzi, iyenera kulowa m'makalasi a Sukulu ya Sabata ndi m'magulu a Pathfinder. Ife ophunzira, makamaka a zaumoyo, tikapita kutchuthi tipemphe mphindi khumi kwa abusa.

Pali china chovuta kuchinena. Mipingo yambiri yakumudzi imabatizira m'madamu ndi m'mitsinje yomweyi, makamaka pamisonkhano ya misasa, nyengo yomwe madzi amakhala ataphwera. Obatizidwa ambiri ndi ana asukulu, ndipo abusa ndi madikoni amaima m'madzimo nthawi yaitali kuposa aliyense. Sitikuti tisiye ubatizo womiza. Tikuti dziwe la simenti lodzazidwa ndi madzi a pamjigo silitha matumba ochuluka, ndipo ngakhale madzi a mumtsinje akatungidwa n'kusungidwa masiku awiri opanda nkhono, tizilomboti timafa. Komiti ya mpingo ikamakonza bajeti ya msonkhano wa misasa wa chaka chamawa, dziwelo lilembedwe pamodzi ndi zokuzira mawu.