Kodi mbava za ku Joni zimainyoza galimoto yaing'ono?

Pali chikhulupiriro chimene chinafala pakati pa Amalawi okhala ku Johannesburg ngakhalenso abale awo kumudzi, chakuti munthu akagula galimoto yaing'ono ndiponso yotsika mtengo ndiye kuti wazemba mbava. Amati akuba amalondola galimoto zikuluzikulu za anthu achuma a ku Sandton, ndipo sangataye nthawi yawo ndi kagalimoto ka mnyamata wosamalira maluwa pakhomo pa bwana kapena ka mayi wosoka zovala ku Mayfair. Kwa anthu otere galimoto ndi thukuta la zaka zingapo. Ena imawathandiza kupeza maganyu akutali, ena amanyamulira anthu, ndipo ndalama zogulira feteleza zimene makolo amayembekezera kumudzi zimachokera m'galimoto yomweyo. Ikabedwa, njala imakafika mpaka ku Mangochi kapena ku Mzimba. N'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza ngakhale mlimi amene sanapondepo ku Joni.

Apolisi a dziko la South Africa amagawa milandu yokhudza galimoto m'magulu atatu: kulanda galimoto mwini wake ali momwemo, kuba galimoto imene yaimikidwa, ndi kuba katundu kapena zipangizo za pagalimoto. M'chaka chawo cha 2022/23, chimene chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi, iwo analemba milandu yoposa 22,000 ya kulanda, pafupifupi 37,000 ya kuba galimoto ndi njinga zamoto, ndiponso yoposa 80,000 ya kuba za m'galimoto. Pafupifupi theka la milandu yolanda imachitikira m'chigawo cha Gauteng, mmene muli mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria.

Ndi galimoto ziti zimene zimasowa kwambiri? Malipoti a makampani a chitetezo a m'dzikolo amatchula Toyota Hilux ndi Toyota Fortuner, monga mmene aliyense angayembekezere, koma pamndandanda womwewo sipalephera kupezeka Volkswagen Polo, imene ndi galimoto yaing'ono ya anthu wamba. Chifukwa chake mlimi aliyense akhoza kuchimvetsa. Wakuba ziweto saba ng'ombe yachilendo imene mudzi wonse umaidziwa. Amaba mbuzi, chifukwa mbuzi zimafanana ndipo nyama yake imatha pamsika dzuwa lisanafike paliwombo. Galimoto ya Polo Vivo, imene amaipanga ku Kariega, mzinda umene kale unkatchedwa Uitenhage, yakhala m'gulu la galimoto zogulidwa kwambiri kwa zaka zambiri chiyambire 2010. Galimoto za mtundu umodzi zikachuluka pamsewu, ofuna nyali, zitseko, injini ndi magiyabokosi ake amachulukanso. Choncho Polo yobedwa sifunika kupita kutali. Amailowetsa kuseri kwa mpanda wina, n'kuiphwasula usiku umodzi, ndipo mawa lake zipangizo zake zili pamalonda. Nthawi zina mbava sizivutika n'kutenga galimoto yonse. Zimangozula nyali zakutsogolo, batire kapena matayala, mwini wake ali mtulo.

Amene ndalama zawo ndi zochepa amagula galimoto zakale monga Citi Golf, imene inapangidwa kuyambira 1984 mpaka 2009, kapena Toyota Tazz, imene anasiya kupanga mu 2006. Zimenezi ndi galimoto zolimba ndiponso zosavuta kukonza, koma maloko ake ndi a nthawi yakale, ndipo mbava yozolowera imatsegula chitseko chake mofulumira ngati kuti ili ndi kiyi. Galimoto za masiku ano zili ndi kachipangizo kotchedwa immobiliser, kamene kamaletsa injini kulira pokhapokha ngati kakuzindikira kiyi weniweni. Kachipangizo kameneka ndi chimodzi mwa zimene zathandiza kuti kuba galimoto zoimikidwa kutsike: kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 milandu yotere inkapitirira 100,000 pachaka. Komabe mbava nazo zinaphunzira. Zina zimabwera ndi kabokosi kawokawo ka kompyuta yoyendetsa injini, n'kuchotsa ka mwini wake, galimoto n'kulira bwinobwino.

Chowawa n'chakuti pamene kuba galimoto yoimikidwa kukuvuta, achifwamba ambiri asankha njira yachidule, yomwe ndi kutenga kiyi m'manja mwa mwini wake ataloza mfuti. M'chaka cha 2011/12 milandu yolanda galimoto sinkafika 10,000, koma patangopita zaka 11 inali itawirikiza kawiri n'kupitirira. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene dalaivala waima pageti la nyumba kudikira kuti litseguke. Amalawi ambiri akukumbukira imfa ya woimba wotchuka Lucky Dube, amene anawomberedwa pa 18 Okutobala 2007 ku Rosettenville, dera la kummwera kwa Johannesburg kumene kumakhala anthu ambiri ochokera m'maiko ena, pamene ankatsitsa ana ake. Anthu atatu anagamulidwa mu 2009 kukakhala kundende moyo wawo wonse. Iye anali m'galimoto yaikulu, koma mfuti yomweyo ndi imene imalozedwa kwa mwini Polo. Malangizo a apolisi ndi akuti zikafika pamenepo munthu asalimbane nawo: aonetse manja, atuluke modekha, ndipo ngati muli ana anene momveka kuti akuwatulutsa. Zikatha aimbire apolisi pa 10111.

Komabe mlandu umene mwini galimoto yaing'ono angakumane nawo kawirikawiri ndi wa kuthyoledwa, ndipo apa kuchepa kwa galimoto kumamuika pangozi ndithu. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zilibe buti yotsekeka payokha; amene waswa galasi limodzi amafikira katundu yense, ndipo ngati chivundikiro cha kumbuyo chinathyoka kalekale, wodutsa aliyense amaona zimene zili m'katimo. Pamaloboti ena a mumzindawo anyamata amaswa galasi, n'kutsomphola chikwama kapena foni imene ili pampando, n'kuthawira pansi pa mlatho magetsi asanasinthe. Mankhwala ake ndi osadula: katundu aikidwe kumbuyo munthu asananyamuke, osati atafika pamalo oimikapo galimoto anthu akuona. Palinso pulasitiki yapadera imene amamata pamagalasi kuti asamwazike msanga akamenyedwa. Imachedwetsa wakuba, koma siisandutsa galasi kukhala chitsulo.

Njira ina imene yapusitsa anthu ambiri ndi yosokoneza rimoti. Dalaivala amatsika pamalo ogulitsira zinthu, n'kudina rimoti uku akuyenda, poganiza kuti wakhoma. Chapafupi pamakhala munthu amene wapanikiza rimoti ina, nthawi zambiri ya geti wamba, imene mphamvu yake imaphimba uthenga wopita kugalimoto. Zitseko zimakhala zosakhoma, ndipo wakubayo amatsegula mwaulemu ngati mwini wake. Choipa china n'chakuti makampani ambiri a inshuwaransi amavuta kulipira katundu wobedwa ngati palibe chizindikiro chakuti galimoto inathyoledwa. Kukoka chitseko ndi dzanja munthu asanachoke ndiko kumathetsa zonsezi, ndipo sikulira ndalama. Alonda ovala zovala zowala amene amayang'anira galimoto m'malo amenewa, amene ambiri mwa iwo ndi obwera ngati Amalawi omwewo, amathandiza, koma mlonda mmodzi sangaone galimoto makumi asanu nthawi imodzi.

Walira mvula walira matope. Wogula galimoto ku Joni ayenera kuwerengera mtengo wa chitetezo pamodzi ndi wa mafuta. Chitsulo chokhomera chiwongolero kapena loko wa giya ndi zinthu zachikale zimene achinyamata amaziseka, koma zimaoneka ndi maso, ndipo mbava imene ili pachangu imasankha galimoto yoyandikana nayo. Makampani monga Tracker, Netstar ndi Cartrack amabisa m'galimoto kachipangizo kosonyeza kumene ili, ndipo amalipiritsa mwezi ndi mwezi. Kameneka sikaletsa kuba, kamangothandiza kulondola, ndipo kamapindula ngati mwini wake wanena msanga. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2012 galimoto iliyonse yatsopano yolembetsedwa m'dzikolo imapoperedwa timadontho tating'ono ngati mchenga, pafupifupi 10,000, tokhala ndi nambala yoizindikiritsa, kotero kuti ngakhale chitseko chopezeka pachokha chikhoza kuulula kumene chinachokera. Citi Golf ndi Tazz zinapangidwa lamuloli lisanabwere, koma mwini wake akhoza kukapopetsa. Pa nkhani ya inshuwaransi, bungwe la Automobile Association limati pafupifupi galimoto ziwiri mwa zitatu zilizonse za m'misewu ya South Africa zilibe inshuwaransi, ndipo n'zosakayikitsa kuti eni galimoto zing'onozing'ono zakale ndi ochuluka m'gulu limeneli. Mantha anafikitsapo anthu patali: mu 1998 munthu wina wa ku Johannesburg, Charl Fourie, anayamba kugulitsa chipangizo cholavula moto m'mbali mwa galimoto kuti chiwotche achifwamba. Chinatchuka m'manyuzipepala a dziko lonse lapansi, koma ogula anali ochepa.

Mbali yotsala ya nkhaniyi ili kumudzi. Si galimoto zonse zobedwa zimene zimaphwasulidwa. Zina zimatuluka m'dzikolo. Apolisi a m'chigawo cha Limpopo akhala akugwira galimoto zikuwolotsedwa pamchenga wa mtsinje wa Limpopo kulowa m'Zimbabwe, nthawi zina zikukokedwa ndi abulu, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene amatchulidwa kuti ndiko zimathera. Msewu wake ndi womwe uja wa mabasi: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Zipangizo nazo zimayenda m'matumba ndi m'makatoni. Mlimi amene wagulitsa fodya kapena soya, kapena gulu la alimi limene lasonkha ndalama zogulira galimoto yonyamulira mbewu, likhoza kukopeka ndi mtengo wotsika modabwitsa wa galimoto yochokera ku Joni. Safunsa anadya phula. Galimoto yotuluka m'South Africa mwalamulo imakhala ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO, bungwe la akuluakulu a polisi a kummwera kwa Africa limene linakhazikitsidwa mu 1995. Ikafika ku Malawi imayenera kulipiridwa msonkho ku MRA ndi kufufuzidwa ndi nthambi ya Interpol ya apolisi isanalembetsedwe ku Road Traffic. Wogula ayenera kuona zikalata zimenezi ndi maso ake, ndi kuyerekeza nambala ya injini ndi ya chesisi zimene zalembedwa papepala ndi zimene zadindidwa pachitsulo. Ngati pamalo pa nambalayo pakuoneka popalidwa kapena popakidwa penti watsopano, malondawo athere pomwepo. Galimoto ikadzapezeka kuti ndi yobedwa apolisi amailanda, ndalama zimapita, ndipo wogulayo akhoza kuyankha mlandu wopezeka ndi katundu wakuba pamene womugulitsa uja anabwerera kale ku Joni.