Zilembo zopendama ndi mchere, si ndiwo

Anzanga a mumsika, sabata ino tikambe za zilembo. Inde, zilembo zomwe mumalipirira kwa odinda akamakukonzerani malisiti, timapepala totsatsa malonda, makalendala, ngakhalenso makadi a ukwati wa mwana.

Masiku ano aliyense akufuna zopendama zija, zooneka ngati zolemba pamanja, zomwe odinda amazitcha italic. Ati zimapatsa ulemu. Kukongola n'zokongoladi, sindikukana. Koma ine ndikuti muzisamala nazo.

Zilembozi si zadzulo ayi. Zinayambira ku Venice, m'dziko la Italy, mu 1501, pomwe Aldus Manutius anadinda nazo timabuku ting'onoting'ono tonyamula m'manja. Wozisema anali Francesco Griffo. Nthawi imeneyo buku lonse linkatuluka lopendama. Nanga lero? Tsegulani buku la mwana wanu wa sukulu. Nkhani yonse ili m'zilembo zoimirira. Zopendama anazisiyira mayina a mabuku, mawu a chiyankhulo china ndi mawu ofuna kutsindika basi.

Inunso chitani chimodzimodzi. Dzina la golosale, kapena kamawu koti "Zikomo, mubwerenso", apo zipendame. Koma mtengo ndi nambala ya foni, ayi ndithu! 1 akapendama amafuna kufanana ndi 7. Mwalemba K1,500, kasitomala ali chapatali n'kuwerenga K7,500, basi wadutsa. Mwataya ndalama kaamba ka kukongola.

Tsono mukafika kwa wodinda, onani zinthu zitatu.

Choyamba, chilembo cha a. M'mitundu yodziwika monga Times New Roman, Garamond ndi Georgia, a wopendama weniweni amasintha n'kukhala wobulungira, ngati yemwe timalemba m'kope. Mukaona akadali ndi kandowe kake pamwamba koma wangotsamira, dziwani kuti kompyuta yangomukankha. Mizere yake imatuluka yokhotakhota, kufewa komwe mumafuna kuja kulibe.

Chachiwiri, manambala. A Georgia ndi okongola m'buku, koma ena amalendewera pansi pa mzere, ena n'kukwera. Pa lisiti pamafunika manambala ofanana msinkhu.

Chachitatu, chiyankhulo chathu. Muuzeni alembe "Malaŵi" ndi "ng'ombe". Mitundu ina yokongoletsa ilibe w wovala kachipewa, ndiye pamalo pake pamangotuluka kabokosi, mwinanso chilembo chamtundu wina. Kachizindikiro ka pa ng' nakonso kazioneka bwino, kuopa kuti a butchala angamagulitse "ngombe".

Musalole kuti adinde mulu wonse musanaone pepala limodzi. Litengeni, likhomeni pabenchi panu, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu. Itanani mayi wa tomato wapafupi awerenge mtengo mokweza. Akadodoma, bwererani nalo akasinthe. Akadinda 500 zatha, wodinda sabweza ndalama.

Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tionane sabata yamawa.